Nsalu ya maluwa yokutira mipando: yesani duwa musanadulitse

A Mkonzi,

Tipatseniko malo m'nyuzipepala yanu tilankhule ndi anthu amene akufuna kukutitsa mipando yawo chaka chino. Ndife amisiri okuta masofa muno m'Chipata. Nyengo ino, anthu akagulitsa chimanga, soya ndi nsawa, mipando yakale imatuluka m'nyumba, ina kuchokera ku Katete, ku Chadiza ngakhale ku Lundazi, ndipo Khirisimasi ikamayandikira ntchito imachita kuunjikana. Ambiri amabwera atagula kale nsalu. Anaiona m'sitolo, maluwa anawatenga mtima, anafunsa wogulitsa kuti seti imadya mamita angati, basi nadulitsa. Pakapita mlungu mmisiri akuimba foni kuti nsalu yaperewera, mkangano n'kubuka: mwini mipando akuti mamita ena abisidwa, mmisiri akuti anapatsidwa yochepa. Amisiri osakhulupirika alipo, sitikana. Koma nthawi zambiri nsaluyo sinabedwe, yadyedwa ndi duwa lomwelo limene munalikonda.

Nsalu iliyonse ya maluwa, ya mizere kapena ya mabokosi ili ndi mtunda umene chithunzi chake chimabwerezera. Tengani tepi, muiike pansonga ya tsamba limodzi, mutsike nayo m'litali mwa nsalu mpaka mupeze nsonga ya tsamba lomwelo likubweranso. Masentimita amene mwapezawo ndiyo ripiti. Muyesenso chopingasa, kuchokera duwa lina kufika lofanana nalo cham'mbali, chifukwa ripiti zilipo ziwiri ndipo zonse zimakhudza thumba lanu.

Makhushoni atatu a sofa akandandalikidwa, duwa liyenera kukhala pamalo amodzimodzi pa khushoni iliyonse, komanso lilunjikane ndi duwa la kotsamira msana. Kuti zimenezi zitheke, chidutswa chilichonse chimayamba kudulidwa pamalo ofanana a chithunzi, ndipo nsalu yotsala pakati imagwa pansi. Tiwerengere limodzi. Khushoni ya masentimita 60 mbali zonse imafuna chidutswa cha 63, popeza timasiya 1.5 mbali iliyonse ya msoko. Nsalu ya mipando nthawi zambiri imakhala masentimita 140 m'lifupi, choncho zidutswa ziwiri zimakwana moyandikana. Seti ya 3-2-1, kutanthauza sofa ya anthu atatu, ya awiri ndi mpando wa mmodzi, ili ndi makhushoni asanu ndi limodzi, pamwamba ndi pansi ndiye zidutswa 12, kutanthauza kudula kasanu ndi kamodzi. Pa nsalu yopanda maluwa, 63 kuchulukitsa ndi 6 ndi masentimita 378, mamita anayi osakwana. Tsopano nsalu ikhale ya ripiti 45. Ripiti imodzi siikwana chidutswa cha 63, ndiye pafunika ziwiri, masentimita 90, ndipo 27 akutayika pa kudula kulikonse. Makhushoni omwe aja akufuna mamita 5.4. Ngati duwa lalikulu lili limodzi lokha pakati pa nsalu, ndipo mukufuna likhale pakati pa khushoni iliyonse, chidutswa chimodzi chokha ndicho chimatuluka pa kudula kulikonse, ndiye mamita afika 10.8. Apa tikunena makhushoni okha, sitinakhudze manja a mpando, kumsana kapena kutsogolo kwa pansi.

Musaganize kuti duwa lalikulu ndilo lowononga nthawi zonse. Pa khushoni yomweyo, ripiti 32 imapereka 64 ikawirikizidwa, ndipo sentimita imodzi yokha ndiyo itayika. Ripiti 64 nayonso imataya sentimita imodzi yokha. Chofunika ndi mmene ripiti ikugwirizanirana ndi kukula kwa zidutswa za mpando wanu, ndipo zimenezi wogulitsa m'sitolo sangazidziwe chifukwa mpandowo sanauone. N'chifukwa chake tikuti yambani mwaitana mmisiri ayese mipando, alembe zidutswa zonse papepala, kenaka mupite kusitolo ndi tepi, mubwere ndi miyeso itatu: lifupi la nsalu, ripiti ya m'litali ndi ripiti yopingasa. Ndalama zituluke m'thumba miyeso imeneyi itawerengedwa.

Kwa amene akufuna poyambira powerengera bajeti, pa nsalu yopanda maluwa ya masentimita 140, sofa ya anthu atatu imadya mamita 12 mpaka 16, ya anthu awiri 10 mpaka 12, mpando wa munthu mmodzi 5 mpaka 7. Kusiyanaku kumadalira kukula kwa manja, ngati makhushoni akumsana ndi ochotseka, ndiponso ngati pansi pali siketi, nsalu yolendewera yobisa miyendo ya mpando. Mipando ya patebulo yodyera, yokutidwa pokhalira pokha, iwiri imatuluka mu masentimita 70. Pa maluwa ang'onoang'ono onjezerani mita imodzi pa mamita khumi alionse. Pa maluwa apakati onjezerani awiri, ndipo pa aakulu atatu kapena kuposa. Chingwe cha m'mphepete mwa makhushoni, paipingi, chimadulidwa chopendekera, timizere ta masentimita 4, ndipo pa seti yonse chimatha mita yathunthu kapena kuposerapo. Anthu amachiiwala chimenechi. Tiyerekeze kuti nsalu ziwiri zikugulitsidwa, ina K120 pa mita, ina K135. Ngati yoyamba ifuna mamita 38 chifukwa cha duwa lake ndipo yachiwiri ifuna 31, mulipira K4,560 pa yotchipayo ndi K4,185 pa yodulayo.

Mufunsenso ngati sitolo ikuyesa ndi mita kapena ndi yadi. Yadi ndi masentimita 91 ndi pang'ono. Munthu amene wauzidwa kuti agule mamita 30 ndipo wapatsidwa mayadi 30 wabwera ndi mamita 27.4, ndiye kuti theka la mpando umodzi latsala m'sitolo. Ndodo zina zoyesera ndi zizindikiro zokhomedwa pa kauntala n'zakalekale, ndipo palibe cholakwika kutulutsa tepi yanu wogulitsa akuona. Zoyesera za pamalonda zimayang'aniridwa ndi bungwe la Zambia Metrology Agency, choncho wamalonda wolungama sakwiya mukayesa nokha. Lifupi nalonso muliyese, ndipo muchotsepo masentimita awiri kapena atatu a mphepete iliyonse, pamene pali timabowo ndi zolemba za fakitale, chifukwa pamenepo sipagwira ntchito. Nsalu ya masentimita 280 imene imaoneka yotchipa ndi ya makatani. Inapangidwa kuti izilendewera pawindo, osati kukhalidwa.

Chinthu china chimene chimasokoneza ndi kumene duwa layang'ana. Pa mipukutu yambiri maluwa amakwera m'litali mwa nsalu. Kumsana kwa sofa ya anthu atatu kumatha kufika mamita awiri, pomwe nsalu ndi masentimita 140, ndiye pamafunika kulumikiza, chidutswa chathunthu pakati ndi tizidutswa tiwiri m'mbali, maluwa akumana pa msoko. Ilipo nsalu ina imene chithunzi chake anachigoneka dala, kotero kuti mukaitambasula m'litali maluwa amaima chilili kuchokera mphepete ina kupita inzake. Imeneyo imakuta msana wautali popanda msoko ndipo kawirikawiri imasunga mamita. Choipa ndi pamene mmisiri, poona kuti nsalu ikuchepa, agoneka chidutswa china kuti chikwane. Mipando ikabwera kunyumba mupeza mbalame za padzanja lamanja zaima bwinobwino, za padzanja lamanzere zagona chammbali. Velveti ndi chenille zili ndi vuto lomwelo ngakhale zilibe maluwa. Sisitani ndi dzanja: mbali ina ubweya umagona, mbali ina umadzuka. Zidutswa zonse ziyenera kudulidwa ubweya ukuloza kumodzi, kutsika pansi kumsana ndi kuloza kutsogolo pokhalira. Khushoni imodzi ikatembenuzidwa podula imaoneka ngati ya mtundu wina, ndipo palibe mankhwala ake koma kudula ina.

Mizere ndi mabokosi ndizo zosakhululuka kwambiri. Duwa likaphonya ndi sentimita imodzi diso silizindikira msanga, koma mzere ukaphonya ngakhale mlendo wongolowa pakhomo amauona. Pa mpando wa manja opindika kapena msana wa mabatani okokera mkati, mizere imakhota zivute zitani, choncho mipando yotere ipatseni nsalu yopanda chithunzi kapena ya timaluwa tomwazikana. Musanadulitse nsalu ya mabokosi, ipindeni pakati mphepete zikumane, muone ngati mzere wopingasa wa mbali ina ukugwera pa mnzake. Ukaphonya ndi masentimita oposa awiri, nsaluyo inakokedwa mokhota kufakitale, ndipo mmisiri adzangosankha pakati pa mzere wopendekera ndi nsalu yamakwinya. Isiyeni, ngakhale akuchotsereni mtengo.

Kukula kwa duwa kuyenderane ndi mpando ndi chipinda. Duwa la masentimita 50 pa kampando ka patebulo limadulidwa mutu, pamangotsala masamba osadziwika chiyambi chake. M'chipinda chochezera chaching'ono, cha makatani a maluwa kale ndi kapeti ya maluwa, seti yonse ya maluwa aakulu imatopetsa maso. Ife tikafunsidwa timakonda kunena kuti thupi la sofa likhale la mtundu umodzi, maluwa apite pa makhushoni kapena pa mpando umodzi. Zimachepetsa mamita otayika, ndipo maluwa akakutopetsani musintha makhushoni okha. Ena amati zimenezo n'zosaoneka zaulemu, amafuna mlendo aone kuti pagwa ndalama. Ndi nyumba yanu, koma muwerengere.

Tsopano kulimba. Pa mipukutu ina pamakhala kapepala kolembedwa Martindale ndi nambala. Amenewo ndi mayeso a makina amene amakhula nsalu mozungulira mpaka ulusi uyambe kuduka, ndipo nambalayo imanena kuti nsalu inapirira kukhulidwa kangati. Yosafika 15,000 ndi yokongoletsera chabe. Ya 20,000 mpaka 25,000 ndi ya m'nyumba wamba. Nyumba ya ana ambiri, yoonerapo mpira anthu a pamudzi onse, kapena mipando ya m'loji ndi m'saluni, imafuna 30,000 kupita m'tsogolo. Koma mipukutu yambiri imene imafika ku Down Shops, ku Kapata ngakhale ku Kamwala ku Lusaka ilibe kapepala kalikonse, ndiye manja anu ndiwo ayese.

Yambani ndi kuitembenuza. Ngati duwa likuoneka kuseri, mitundu itasinthana, ndiye kuti linawombedwa ndi ulusi ndipo lidzakhalapo mpaka nsalu itathe. Ngati kuseri kuli mbuu, duwalo ndi lodinda pamwamba, ndipo limayamba kufufutika kutsogolo kwa khushoni, pamene miyendo imakhula, ndi pamwamba pa manja. Yowombedwayo nayo ili ndi msampha wake. Yang'anani ulusi wa pamwamba pa duwa: ngati ukuyandama mtunda woposa theka la sentimita osalowa pansi, zikhadabo za mphaka, zipi ya thalauza ndi makiyi zidzaukoka. Pitirizani chikhadabo pamenepo muone ngati ukudzuka. Kenaka kwezani nsalu kudzuwa. Kuwala kukamadutsa ngati m'sefa, ulusi ndi wotalikirana. Gwirani ndi zala zazikulu ziwiri pafupi ndi podulidwa, mukoke mbali ndi mbali. Ulusi ukasuntha n'kusiya mpata, nsalu imeneyo idzatseguka m'misoko ngakhale ulusi wosokera usanaduke, ndipo mwini mipando adzati mmisiri anasoka mwaulesi. Nsalu zina zotere amazipaka guluu kuseri kuti zigwirane. Pindani kakona mukhule: guluu wabwino amapindika, woipa amayoyoka ngati ufa.

Nyamulani kansalu koyera ndi botolo la madzi. Nyowetsani, mukhule kakhumi pamtundu wakuda kwambiri wa nsaluyo, makamaka wofiira, wabuluu ndi wakuda. Kansalu kakatenga mtundu, dziwani kuti m'mwezi wa Okutobala, thukuta likamatsika, malaya oyera a alendo adzautenganso. Pemphani kachidutswa kakang'ono mupite nako kunyumba. Panja, kutali ndi udzu, yatsani ulusi pang'ono. Thonje limayaka ngati pepala n'kusiya phulusa lofewa. Poliyesitala amasungunuka, amatulutsa utsi wakuda n'kusiya kambulu kolimba. Palibe choipa ndi poliyesitala, ndipo pa mipando ya tsiku ndi tsiku wosakaniza ndi thonje amapirira bwino ndipo safwifwa msanga. Kungoti nyumba imene mbaula imalowa m'chipinda chochezera mu Juni ndi Julayi idziwe kuti kakhala kamoto kamodzi kokha kakathethekera pamenepo kamaboola pompo. Viscose amanyezimira mokongola m'sitolo, koma amafooka akanyowa ndipo madzi enieniwo amasiya banga. Kachidutswa kotsalako kadontheziredwe tiyi ndi mafuta ophikira, mukapukute ndi madzi a sopo muone chotsala. China muchiike pawindo theka lake litaphimbidwa, pakatha milungu iwiri mufanizire.

Mtundu usankhidwe poganizira kuno kwathu, osati chithunzi cha pa Facebook. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa fumbi limalowa paliponse, ndipo dzinja likafika ana amabwera ndi matope. Nsalu ya maluwa okhala pa zoyera imada m'miyezi yochepa, pomwe yakuda bii imaonetsa fumbi lililonse. Mitundu yapakati, yakhofi, yotuwa, yobiriwira moderako, yokhala ndi timaluwa tosakanikirana, ndiyo imabisa zambiri. Pamene mutu umatsamira pamada ndi mafuta a tsitsi, pamanja pamada ndi mafuta odzola ndi manja a ndiwo. Choncho gulani mita imodzi kapena iwiri yapadera, musoketse tinsalu tovundikira malo amenewo, duwa likugwirizana ndi la pansi pake, ndipo yotsalayo muisunge mopanda chinyezi kuti khushoni ikadzapsa ndi ayironi mudzapeze poyambira. Lekisini ndi zikopa zapulasitiki zimapukutika mosavuta, koma zotchipa zimasupuka pakatentha pansi pa malata, ndipo zikayamba sizisiya.

Ambiri amafunsa za chitenje, popeza ndiye maluwa athu ndipo chimapezeka paliponse. Chitenje ndi chopyapyala ndipo lifupi lake ndi pafupifupi masentimita 115, choncho khushoni ya 63 imatuluka imodzi yokha pa kudula kulikonse. Pa timakhushoni tokongoletsera, pa bolodi la kumutu kwa bedi kapena kumsana kwa mpando n'chabwino kwambiri. Pokhalira pa sofa ya tsiku ndi tsiku sichikhalitsa. Ngati mtima wakakamira, chichapeni kaye kuti chifupike chisanadulidwe, chisitidwe, mmisiri aike nsalu yolimba pansi pake, ndipo makhushoni akhale a zipi kuti muzichapa. Dziwaninso kuti chitenje chodulidwa kale m'mamita awiriawiri chimataya zambiri kuposa chodula pa mpukutu, chifukwa chidutswa chilichonse chimayambira pake.

Gulani nsalu yonse tsiku limodzi, pa mpukutu umodzi. Mipukutu iwiri ya duwa lomwelo, yonyikidwa mu utoto masiku osiyana, imasiyana pang'ono, ndipo kusiyanako kumaonekera mipando ikaikidwa pamodzi. Ngati mpukutu umodzi sukwana, tulutsani yonse iwiri pakhomo la sitolo muifanizire padzuwa, osati pansi pa magetsi, ndipo muuze mmisiri kuti mpando uliwonse udulidwe pa mpukutu umodzi. Katundu wotere amabwera kuchokera kunja, ndipo duwa limene latha lero kawirikawiri silibweranso, choncho mawu akuti "mudzabwere mudzawonjezere" musawadalire. Wogulitsa atambasule mamita onse inu mukuona, muyang'ane mabanga a mafuta, ulusi wodumpha ndi polumikiza. Chilema chimodzi pakati pa duwa chimatayitsa ripiti yathunthu.

Oitanitsa ku Lusaka pa WhatsApp asamale kwambiri. Foni imasintha mtundu, ndipo chithunzi sichionetsa kukula kwa duwa. Uzani wogulitsa ajambule tepi itagona pansaluyo m'litali ndi chopingasa, ajambulenso kuseri, ndipo atumize kachidutswa pa basi musanatumize ndalama zonse. Ulendo wa pa Great East Road ndi wa makilomita oposa 500, kubweza katundu si masewera. Velveti ndi lekisini zibwere zokulungidwa pa chubu ndi kukutidwa pulasitiki, chifukwa zikapindidwa n'kutsinjiridwa ndi matumba m'buti mizere yake siichoka. Okagula ku Lilongwe awerengere msonkho wa pa Mwami ndi kusintha kwa ndalama asananene kuti apeza yotchipa.

Nsalu yabwino pa siponji yakufa ndi kutaya ndalama. Siponji ikafooka nsalu imakhwepa, imachita makwinya, ndipo m'makwinyamo ndimo imayambira kutha. Dinikizani khushoni ndi chibakera: ikachedwa kubwerera, isinthidwe. Pokhalira pamafuna siponji yolemera, ya density (nambala yosonyeza kulemera kwa siponji) 28 kupita m'mwamba, yochindikala masentimita 10 kapena kuposa, yokutidwa ndi faiba pamwamba kuti nsalu isamakhulane ndi siponji. Yopepuka ipite kumsana. Mpando ukavulidwa, pitani mukaone nokha matabwa, ngati chiswe kapena anankafumbwe sanalowe, malamba ndi masipuling'i ngati ali olimba, ndipo ngati muli nsikidzi zithiridwe mankhwala nsalu yatsopano isanakhomedwe. Mugwirizane ndi mmisiri, polemba, kuti maluwa adzalunjikana pati ndi pati, komanso kuti zotsala zonse zidzabwezedwa. Zidutswa zimenezo mukaziyala pansi mudzaona nokha kumene mamita anapita.

Risiti ilembedwe mamita, mtengo wa mita ndi mtundu wa nsalu, ndipo kachidutswa kakhomedwe pomwepo ndi stepula. Nsalu yodulidwa kale simungaibweze chifukwa choti mwasintha maganizo, zimenezo n'zomveka. Koma ngati ili ndi chilema chobisika kapena mamita ndi operewera, lamulo la Competition and Consumer Protection la 2010 limateteza wogula, ndipo limaletsa zikwangwani zonena kuti katundu wogulidwa sabwezedwa. Madandaulo otere amapita ku bungwe loteteza ogula la Competition and Consumer Protection Commission (CCPC), ndipo popanda risiti nkhani imavuta kuyamba.

Kwa eni masitolo a nsalu m'Chipata tili ndi pempho limodzi losafuna ndalama. Pa mpukutu uliwonse mangiriranipo kakatoni kolembedwa lifupi, ripiti ya m'litali, ripiti yopingasa, ndi kamuvi koloza kumene duwa layang'ana. Lolaninso makasitomala atenge kachidutswa ka masentimita 10, ngakhale mowalipiritsa pang'ono, kuti akaonetse mmisiri asanadulitse mamita 30.

Amisiri okuta mipando,
Kapata, Chipata